Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Zachuma: Malaibulale Asafe Ali Chitsegukire

Olemekezeka a Nduna,

Chaka chilichonse unduna wanu ukamazungulira m'zigawo kumva maganizo a anthu pa bajeti, alimi amalankhula, amalonda amalankhula, ogwira ntchito m'boma nawonso amapereka madandaulo awo. Amene samveka ndi anthu owerenga m'malaibulale, chifukwa iwowa sachita zionetsero ndiponso satseka misewu. Ndalemba kalatayi poyera kuti ndiwayankhulireko. Mfundo yanga ndi imodzi: laibulale imatha kufa zitseko zili chitsegukire, pamene ndalama zomwe imalandira zikungothera pa malipiro, madzi ndi magetsi, osatsalako yogulira buku latsopano. Imfa yotere ilibe tsiku la maliro, n'chifukwa chake palibe amene amaima m'Nyumba ya Malamulo kufunsa kuti yachitika bwanji.

Bungwe la National Library Service lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, patangotha zaka zitatu dziko lino litalandira ufulu. Malawi wa nthawi imeneyo adali wosauka kuposa wa lero, koma adaona kuti boma lili ndi udindo wofikitsa buku kwa munthu amene sangathe kuligula. Udindowo wakula kwambiri. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana a sukulu adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Mu 2016 boma lidayambitsanso ndondomeko yophunzitsa ana a m'makalasi oyambirira kuwerenga msanga. Zonsezi n'zabwino, koma mwana amene wadziwa kulumikiza zilembo ndiyeno n'kusowa choti awerenge akufanana ndi mlimi amene mwamupatsa khasu popanda munda. Kuwerenga ndi luso lomwe limachita dzimbiri likagonekedwa, ndipo ndalama zomwe tidawononga pomuphunzitsa zimalowa m'madzi.

Mwina muyankha kuti boma silidachotse ndalama za malaibulale m'bajeti. Komatu kudula kwina kumachitika popanda cholembera chofiira. Ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe dola idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Buku la madola 10 lomwe linkagulidwa K11,800 lidafika K17,000 tsiku limodzi lokha. Mabuku ambiri a sayansi, zaumoyo ndi zaumisiri amachokera kunja, ndipo ngakhale osindikizidwa kuno amadalira mapepala ndi inki zogula ndi ndalama zakunja. Choncho ndalama ya mabuku ikangokhala pomwe inali, kapena ikakwera pang'ono chabe, ndiye kuti yadulidwa. Ikafikanso mochedwa, woyang'anira laibulale aliyense amayamba walipira ngongole ya magetsi, mabuku n'kudikira chaka china.

Taganizirani amene amakhala m'chipinda chowerengeramo mayeso a MSCE akayandikira. Ndi mtsikana wa pasukulu yoyendera amene kwawo amagona anthu asanu ndi mmodzi m'zipinda ziwiri, wailesi ikulira, mwana akulira, nayonso ntchito yapakhomo ikumudikira. Ndi mnyamata wobwereza mayeso amene alibenso mphunzitsi. Ndi namwino amene akuchita maphunziro owonjezera, ndi bambo wofuna ntchito amene wabwera kudzaona malonda a ntchito m'nyuzipepala chifukwa sangaigule. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja 11 okha pa 100 aliwonse ndiwo ankaunikira magetsi m'nyumba. Kwa anthu otere, tebulo, mpando, kuwala ndi bata ndi chuma chenicheni. Mwana wa munthu wopeza bwino ali nazo zonsezi kunyumba, ndiye laibulale ikafooka, iye samvako kanthu. Amene amalipira ndi wosauka.

Zomwe zidachitika ku Britain zitiphunzitse. Kumeneko kuli lamulo la 1964 lokakamiza makhonsolo kupereka malaibulale okwanira ndi oyenda bwino. Koma boma litayamba kudula ndalama za makhonsolo mu 2010, malaibulale pafupifupi 800 adatsekedwa pofika mu 2019. Kawirikawiri njira yake inkafanana: amayamba achepetsa maola otsegulira, kenako asiya kugula mabuku, kenako achotsa ogwira ntchito ophunzitsidwa n'kusiyira anthu ongodzipereka. Anthu akaleka kubwera chifukwa apeza pakhomo potseka kapena mashelefu a mabuku akale, khonsolo inkatenga kuchepa kwa owerengako ngati umboni woti laibulaleyo njosafunika. Ngati lamulo lidalephera kuteteza malaibulale m'dziko lolemera chotero, ifenso tisadzinamize kuti lamulo lathu la 1967 palokha liwateteza. Chowateteza ndi ndalama ya chaka ndi chaka.

Ndikudziwa yankho lalikulu lomwe muli nalo, ndipo sindikulipeputsa: m'zipatala mukusowa mankhwala, alimi akufuna feteleza, namondwe wa Freddy adasesa midzi mu 2023, chilala cha 2024 chidakhudza maboma 23 mwa 28. Munthu wanjala sadya buku. Zoona. Komabe mlimi wanzeru, ngakhale njala ifike posauzana, mbewu sakazinga. Pa njala ya 2002, William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adasiya sukulu ya sekondale makolo ake atalephera kulipira fizi. Chomwe chidamutsalira ndi kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale, momwe adapeza buku lotchedwa Using Energy. Poyang'anitsitsa zithunzi zake, adamanga makina opanga magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga ndi zotola kudzala. Wina anganene kuti mnyamata mmodzi si umboni wokwanira, ndipo ndikuvomera kuti si aliyense wolowa m'laibulale amene adzatchuke. Phunziro lake lagona apa: chaka chomwe banja lalephera fizi ndi chaka chomwe mwana amafunitsitsa khomo lolowa mwaulere. Ndipo ndalama zodzaza mashelefu n'zochepa kwambiri poyerekeza ndi za feteleza wotsika mtengo, moti kuzimana malaibulale sikungadzaze nkhokwe ya munthu aliyense.

Ena akuti masiku ano zonse zili pafoni. Amene amanena zimenezi nthawi zambiri ali ndi foni yamakono, magetsi ochajira ndi bandulo yosatha. Kumudzi foni imakhala imodzi pabanja, yamabatani, ndipo kuichajitsa nakonso n'kolipira. Ngakhale intaneti itafika paliponse, mwana wa Fomu 2 afunabe womulozera kuti izi n'zoona, izi n'zabodza, ndipo imeneyo ndi ntchito ya woyang'anira laibulale wophunzitsidwa bwino. Ngati boma likukhulupiriradi makompyuta, monga masomphenya a Malawi 2063 akunenera, malo oyamba kuikamo makompyuta ndi intaneti yaulere ndi m'malaibulale momwemo, kuti makina amodzi athandize anthu mazana.

Yankho lina ndi loti abwenzi akunja amatipatsa kale mabuku. Mabungwe ngati Book Aid International atithandiza kwa zaka zambiri, ndipo tiyenera kuthokoza. Laibulale ya yunivesite ya Mzuzu itapsa mu Disembala 2015, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa, anthu akufuna kwabwino a kuno ndi kunja adasonkha mabuku. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Taona mu 2025 momwe thandizo la USAID lidaimira mwadzidzidzi. Komanso wopereka amapereka chomwe ali nacho. Sangatitumizire buku la Chichewa lofotokoza matenda a chinangwa, nthano za Chitumbuka kapena buku la ana la Chiyao, chifukwa mabuku otere ayenera kulembedwa ndi kusindikizidwa konkuno. Boma likamagula mabuku amenewa, osindikiza athu amapeza msika, olemba amapeza chifukwa cholembera. Ndiye tisamafulumire kunena kuti Amalawi sakonda kuwerenga. Nyuzipepala imodzi imadutsa m'manja angati pa malo ometera tsitsi isanang'ambike? Mabaibulo ndi mabuku a nyimbo amatha masamba chifukwa chiyani? Anthu amawerenga chomwe achipeza, m'chilankhulo chomwe akumva.

Pempho langa, a Nduna, ndi ili. Mu bajeti ikubwerayi, ikani padera ndalama yogulira mabuku a National Library Service, yosaloledwa kusunthidwa kuti ikalipire ngongole zina, ndipo izikwera molingana ndi kukwera kwa mitengo. Gawo lodziwika la ndalamayo ligule mabuku olembedwa ndi kusindikizidwa m'Malawi muno, m'zilankhulo zathu. Ndalamazo zizifika pa nthawi yake. Makhonsolo alimbikitsidwe kugwiritsa ntchito thumba la chitukuko la CDF kumanga zipinda zowerengeramo m'madera omwe mulibe, bungwe la National Library Service n'kuziyang'anira. Pomaliza, chaka chilichonse Nyumba ya Malamulo iziuzidwa kuti ndi mabuku angati atsopano omwe agulidwa ndi ndalama za boma ndipo apita kuti. Chiwerengero chimenecho chikakhala poyera, tonse tidzadziwa ngati malaibulale athu ali moyo. M'mera mpoyamba: mwana amene ali Sitandade 4 lero sangadikire kuti chuma cha dziko chiyambe chakhazikika. Muikireni buku pa shelefu chaka chino.

Ine wanu,
Mzika yokhudzidwa