Chaka chopanda kanthu pa CV yanu

Mnzanga wa m'chipinda amakonda mipikisano ya galimoto kuposa mpira. Tsiku lina anandionetsa pafoni mndandanda wa mipikisano ya Axcil Jefferies, mnyamata wa ku Zimbabwe wobadwa mu 1994, yemwe ankayendetsa galimoto zothamanga za mpando umodzi zija. Mu 2009, ali ndi zaka 15, anakhala wachitatu mu Formula BMW Pacific ku Asia. Mu 2012 anali mu Formula Two, kenako Indy Lights ku America. Mu 2014 anafika mu GP2, khomo lomaliza munthu asanalowe mu Formula One, koma anangothamanga ku Bahrain kokha ndi timu ya Trident.

Ine maso anga anaima pa 2011. Chaka chimenecho palibe chilichonse. Panalibe omuthandiza ndi ndalama, ndipo m'masewera amenewa woyendetsa wachinyamata amayenera kubwera ndi ndalama ku timu kuti apatsidwe galimoto. Luso limakufikitsa pakhomo, koma mafuta, matayala ndi amakaniko amafuna wolipira.

Ndinakhala chete chifukwa nanenso ndili ndi 2011 wanga. Nditamaliza chaka choyamba ku yunivesite, fodya wa bambo sanachite bwino kumsika, fizi inasowa. Ndinabwerera kwathu kwa Msakambewa, ku Dowa, ndipo chaka chonse ndinkapalira, kusoka fodya m'chigafa ndi kugulitsa soya. Pa pepala langa la magiredi palibe mzere wonena zimenezi. Pamangooneka kuti ndidzamaliza mochedwa kuposa anzanga amene tinalowa limodzi.

Mndandanda wa zotsatira umauza munthu pamene unathera, koma sunena pamene unayambira. Lewis Hamilton anapambana Formula Renault ya ku Britain mu 2003, Formula 3 Euro Series mu 2005, GP2 mu 2006, nalowa Formula One mu 2007. Palibe angakane luso lake, ndipo bambo ake anagwira ntchito zingapo nthawi imodzi kuti mwanayo athamange. Koma kuyambira 1998 anali m'manja mwa McLaren. Mndandanda wake ndi wosaduka chifukwa panali woika ndalama kuti usaduke.

Ena anena kuti olemba ntchito sangamvere nkhani ya aliyense. Makalata amabwera mazanamazana pa mpando umodzi, ndipo manambala sakondera mtundu kapena dera. Mfundoyi ndikuivomera. Nanenso ndingakonde kuyesedwa ndi magiredi kusiyana ndi dzina la amalume anga. Chomwe ndikukana ndi kuwerenga mpata ngati umboni wa ulesi. Pa intavyu, funso loti "Chaka chimenechi munali kuti?" silitenga ngakhale mphindi ziwiri, ndipo yankho lake lingaonetse zambiri kuposa mzere wa magiredi.

Kwa ife ophunzira, tisiye manyazi. Ndaona anzanga akusintha zaka pa CV kuti mpata usaoneke, ena mpaka kunama kuti anali pa intenishipu. Bodza lotere likagwidwa limawononga ngakhale zoona zomwe walemba. Ngati unayendetsa kabaza m'mapiri a Ntchisi kuti upeze fizi, lemba choncho. Ngati unasunga ndalama za banki m'khonde ya amayi ako, lembanso. Ndi ntchito imeneyo, ndipo inakubwezera m'kalasi.

Jefferies sanafike mu Formula One. Anasinthira ku mipikisano ya maola ambiri, ndipo mu 2021 anali m'gulu lomwe linapambana mpikisano wa maola 24 ku Dubai. Amene akanamuweruza ndi 2011 yekha akanataya woyendetsa wabwino.

Ine pa CV yanga ndalemba kale: "Chaka chimodzi, ulimi wa fodya ndi soya, Msakambewa, Dowa." Akafunsa ndidzawafotokozera.