Kupita padera katatu? Pitani akapime magazi, osati kwa sing'anga

Asisi, pali nkhani yomwe timangoinong'ona. Mtsikana ku Golomoti kapena ku Mtakataka akapita padera kachiwiri, kachitatu, mudzi wonse umakhala ndi yankho kale: "walodzedwa," "ndi tsempho," "anachotsa dala." Apongozi ayamba kumuyang'ana ndi diso lina, bambo ayamba kusuzumira kwina. Koma palibe wofunsa kuti magazi ake anapimidwa?

Pali matenda otchedwa antiphospholipid syndrome. Chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuchititsa magazi kuundana mosavuta. Timibulu ta magazi timatseka mitsempha ya m'nsengwa, mwana osalandira chakudya ndi mpweya, mimba n'kuchoka. Ngati mwendo umodzi unakutupanipo n'kumawawa, kapena munabanikapo mwadzidzidzi, uzani adokotala.

Matendawa amadziwika popima magazi kawiri, motalikirana masabata 12. Ndipo ali ndi mankhwala: aspirin wochepa mphamvu ndi jakisoni wa heparin, ndipo amayi ambiri amabereka ana amoyo. Koma chonde osakagula aspirin pagolosale n'kuyamba kumwa nokha. Komanso warfarin ndi woopsa kwa mwana wosabadwa.

Sikuti aliyense wopita padera ali ndi vutoli ayi. Kuno kunyanja malungo ndi ochuluka, ndipo nawo amachotsa mimba. Chindoko, shuga ndi matenda a chithokomiro nazonso zimatero. Zonsezi zimafuna kupima, osati kuombeza.

Vuto n'lakuti zipatala zing'onozing'ono zilibe zida zopimira matendawa. Mayi amangotsukidwa, n'kuuzidwa kuti "mudzayeserenso," basi. Ife tikuti ayi. Mayi amene wapita padera kawiri kapena katatu alembedwe bwino m'buku lake lachipatala ndipo atumizidwe. Kuchokera ku Mua Mission kapena ku Dedza boma, njira yopita ku Kamuzu Central ikhale yodziwika, ndipo Unduna wa Zaumoyo uonetsetse kuti kupimako kulipo, kwaulere. Wogulitsa usipa sangakwanitse mitengo ya ku pulayiveti.

Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati thandizo la uchembere wabwino ndi ufulu wathu. Ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la 1911.

Ndiye mukapita kusikelo, nenani mimba zonse zomwe zinachoka, ndi miyezi yake. Funsani kuti, "Chikuchititsa n'chiyani?" Musachite manyazi. Tumizirani mnzanu amene akulira mwakachetechete.