MAKINA PA MUDZI: Tsiku loyamba la batire louma

Nyengo ya malonda a mbeu ikafika, ndalama za nshawa, thonje ndi cimanga zitalowa m'matumba, masitolo a pa boma la Petauke ndi a m'mbali mwa mseu wa Great East ku Nyimba amadzala ndi anthu ofuna mabatire. Wina afuna la njinga yamoto imene amanyamulira anthu ndi nthoci, wina la galimoto kapena thalakitala, winanso lounikira m'nyumba. Ena mwa mabatirewa, makamaka a njinga zamoto, amagulitsidwa ali ouma, ndiko kunena kuti mkati mwake mulibe madzi, ndipo asidi amaperekedwa padera. Batire lotere liyamba kukalamba pa tsiku lothiridwa asidi, ndipo zocitika tsiku limenelo ndizo zimaweruza ngati lidzatha zaka kapena lidzafa mvula isanathe.

Mtundu umenewu wa batire ngwakale ndithu, pakuti Gaston Planté wa ku France anaupanga m'caka ca 1859. Batire la 12V liri ndi zipinda 6, ndipo m'cipinda ciri conse muli timbale ta mtovu timene timizidwa m'madzi a asidi wa sulphuric. Ku fakitale timbaleto amatichaja, natiumitsa, natseka batire kuti lithe kukhala nthawi yaitali m'sitolo popanda kuonongeka. Motero wogula ayenera kuyamba wayang'ana zitsekero. Ngati zinatsegulidwa kale, mpweya ndi cinyezi zinalowa, ndipo timbale tafooka batire lisanagwire nchito.

Asidi woyenera ndiye wosakanizidwa kale ndi madzi ku fakitale, amene pa botolo lake palembedwa nambala yonga 1.26 kapena 1.28. Asidi wogulitsidwa m'botolo la zakumwa lopanda cizindikiro ngwokanidwa, ngakhale mtengo wake ukhale wotsika bwanji, popeza palibe wodziwa mphamvu yake. Wocepa mphamvu safikitsa batire pa mlingo wake, ndipo wopitirira amadya timbale. Kusakaniza asidi waukali ndi madzi si nchito ya pa khonde.

Batire lithiridwe lisanaikidwe pa njinga kapena m'galimoto, pa malo osapendekeka, pamthunzi, podutsa mphepo. Ana ndi ziweto zikhale kutali. Wothirayo avale magalasi ndi zam'manja za mphira, ndipo cidebe ca madzi oyera cikhale pafupi asanatsegule botolo. Pa batire la njinga yamoto pali kacitsekero ka pambali potulukira mpweya; kameneka kacotsedwe poyamba, pakuti kakaiwalika mpweya usowa kotulukira ndipo batire likhoza kuphulika. Atatero athire pang'onopang'ono ndi fanelo ya pulasitiki, osati yacitsulo, cipinda ndi cipinda, kufikira mzere wa pamwamba.

Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama zao cifukwa ca cangu. Timbale touma timamwa asidi monga momwe nthaka ya October imamwera mvula yoyamba, batire limafunda, ndipo timathovu timakwera. Liyenera kusiyidwa losatseka kwa theka la ola kapena ola lathunthu. Madzi akatsika, aonjezeredwe asidi yemweyo kufikira pa mzere. Pambuyo pake lichajidwe, pakuti ngakhale likhoza kuliza injini nthawi yomweyo, mphamvu yake ikhala isanakwane, ndipo batire loyamba nchito losakhuta silidzafikanso bwino pa mlingo umene linapangidwira. Lamulo la amakanika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a nambala yolembedwa pa batirelo: la 7Ah lichajidwe ndi 0.7A, la 70Ah ndi 7A, kwa maola angapo. Chaja yaikulu ya malole siyenera kabatire ka njinga yamoto. Likapumula ola limodzi kapena awiri litacoka pa chaja, batire lokhuta lionetsa 12.6V kapena kupitirira pang'ono pa mita. Mwini sitolo amene athira asidi, natseka, napereka batire kwa wogula wothamangira basi ya ku Msanzala kapena ku Kacholola, wamcepetsera katundu amene walipira mtengo wathunthu.

Pochaja, batire limatulutsa mpweya wa hydrogen umene suoneka koma umayaka msanga. Fodya, mbaula ndi koloboyi zisayandikire, ndipo cizolowezi cogundanitsa mawaya kuti aone ngati muli moto ncoopsa. Poika batire, waya wa + ayambe, wa – atsirize. Pocotsa, wa – ndiye woyamba.

Alipo mabatire ena a njinga zamoto obwera ndi timabotolo 6 tolumikizana. Timeneti amatizondotsa pa mabowo onse nthawi imodzi, natisiya kufikira asidi yense atatsika. Citsekero cake cikakhomedwa, sicitsegulidwanso.

Kwa mabatire okhala ndi zitsekero zotsegula, asidi ndi wa tsiku loyamba lokha. Cimene cimacepa m'batire pogwira nchito ndi madzi, asidi amatsala momwemo. Kuonjezera wina kumangoukalitsa. Pothira pafunika madzi a batire a m'sitolo, olembedwa distilled water. Madzi a pa mjigo, a pa citsime kapena a m'dambo, ngakhale aoneke oyera, ali ndi mcere ndi laimu zimene zimaononga timbale. M'miyezi yotentha, makamaka kumunsi kwa Nyimba kulinga ku cigwa ca Luangwa, madzi amatha msanga, kotero nkoyenera kusuzumiramo pa masabata awiri ali onse.

Asidi akagwera pa khungu kapena m'maso, mankhwala oyamba ndi madzi ambiri oyera, kutsuka kosalekeza kwa mphindi 15 kapena 20, osapaka mafuta kapena kanthu kena, ndipo wovulala m'maso apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Wotayikira pansi athiridwe soda wophikira. Ngozi yowawitsa mtima koposa ndi ya asidi wotsala wosungidwa m'botolo la zakumwa, pakuti amaoneka ngati madzi ndipo mwana waludzu sasiyanitsa. Mwana akamwa, asamsanzitse, popeza asidiyo amaochanso pobwerera. Amthamangitse ku kiliniki yapafupi kapena ku cipatala ca Nyimba, Minga kapena Petauke, atanyamula botololo kuti a cipatala aone cimene wamwa.

Batire lakale nalo lisaswedwe pabwalo pofuna mtovu wake. Mtovu ndi poizoni amene amaononga ubongo wa ana, ndipo ku Kabwe, kumene mgodi wa mtovu unatsekedwa m'caka ca 1994, nthaka ikali kudwalitsa ana kufikira lero. Lakalelo liperekedwe lathunthu kwa ogulitsa mabatire kapena ogula zitsulo zakale, madzi ake asanakhutulidwe pansi.