Chitetezo cha pulezidenti chachokera m'ndime iti?

Pa 1 Julaye 2024, majaji 6 mwa 9 a khoti lalikulu la America anagamula kuti pulezidenti sangazengedwe mlandu pa zomwe wachita ndi mphamvu zomwe malamulo aakulu a dzikolo anapatsa iye yekha. Abale, tsegulani malamulowo mundiwonetse ndime yonena zimenezo. Mulibemo! Chonsecho mu 2022 asanu mwa majaji omwewa anathetsa ufulu wochotsa mimba ati chifukwa sunalembedwe. Pofika pa Trump, yemwe anasankha atatu mwa iwo, cholembera chinapezeka msangamsanga. Mlandu wake wofuna kutembenuza zotsatira za chisankho cha 2020 umayenera kuyamba mu Malichi 2024. Anauzengereza mpaka mkuluyo anawinanso, mlandu n'kufera pomwepo, mboni osayankhulako olo imodzi.