ZA ZISUMBU ZIWIRI, LIKOMA NDI MALTA



Masiku ano anthu ambiri a kuno ku Soche, ku Limbe ndi ku Blantyre akapuma pa nchito mitima yao ithamangira ku nyanja. Ena akakwera Ilala, sitima ija yakhala ikuyenda kuyambira chaka cha 1951, nakaona Likoma, abwerako ali ndi maganizo ogulako malo. Chifukwa chache mwezi uno tikambe za mlendo ndi mwini mudzi.

Likoma nchisumbu chaching'ono, utali wache ngati mamailosi 5 okha. Ncha dziko la Malawi, koma madzi ochizinga nga Mozambique. Chikoka alendo nchiani? Ndi mchenga wa pagombe, madzi oonetsa nsomba za mbuna pansi, milambe yaikulu, ndi bata limene ife a m'tauni tilisowa. Koposa zonse ndi tchalitchi lalikulu la Petro Woyera. Amishoni a Anglican anakhazikika kumeneko m'chaka cha 1885. Anayamba kumanga m'chaka cha 1903, nalipatula m'chaka cha 1911, pa malo ochedwa Chipyela, pamene kale anali kutenthapo anthu oganiziridwa ufiti.

Koma mlendo aona kukongola, saona mabvuto. Nthaka ya ku Likoma njamiyala. Chimanga ndi nkhuni zambiri zichokera kutsidya pa ngalawa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 14,527 pa Likoma ndi Chizumulu pamodzi. Gombe limene mlendo alikhumbira ndilo munda wa msodzi: pamenepo ayanika makoka ndi usipa, pamenepo amai atunga madzi. Wachuma akamangapo mpanda, banja lija lidzapita kuti? Chisumbu sichikula.

Kuti timvetse bwino, tiyang'ane chisumbu china, cha m'nyanja ya Mediterranean, dzina lache Malta. Buku la Machitidwe a Atumwi litiuza kuti ngalawa imene anakwera Paulo Woyera inasweka kumeneko, muli anthu 276. Eni dziko sanafunse dzina kapena ndalama. Anawasonkhera moto chifukwa cha mvula ndi chisanu. Paulo anakhalako miyezi itatu, nachiritsa atate a Publio, mkulu wa chisumbucho, ndi odwala ena ambiri. Eni dziko anapatsa, mlendo anapatsanso, ndipo Eklezia wa ku Malta akumbukira ulendo umenewu kufikira lero.

M'masiku athu Malta akoka anthu ndi dzuwa lache, madoko ache ndi matchalitchi akale. M'chaka cha 2024 alendo okacheza anapitirira 3 miliyoni. Kuyambira 2014 boma lache linali kupereka unzika kwa achuma olipira ndalama zambiri, kufikira bwalo lalikulu la European Union linaweruza mu April 2025 kuti kutero nkulakwira lamulo. M'zaka zomwezo ana a Afrika osauka anali kuoloka kuchokera ku Libya m'timabwato, ambiri namira. Papa Francis anapita ku Malta mu April 2022, nakomana ndi othawa kwao amenewa. Taonani, abale, khomo limodzi likhoza kutsegukira thumba ndi kutsekera munthu.

Tsono ndikulangizeni. Pitani ku Likoma, kaoneni nchito za Mulungu, mutengeko ndi ana anu. Koma kapiteni ngati alendo. Bvalani mwaulemu, gulani nsomba pa mtengo woyenera, pemphani musanajambule munthu. Ngati mufuna kukhalako, yambani kwa mfumu ndi kwa banja lonse la eni malo, osanyengerera munthu mmodzi mseri ndi ndalama m'nyengo ya njala. Musatseke njira ya kugombe. Olemba nchito lipirani bwino ana a komweko.

Akulu anati mlendo ndi mame. Mame athandiza mbeu, sakokolola munda. Tipemphe Paulo Woyera atiphunzitse kulandira ndi kulandiridwa. Ambuye adalitse mabanja anu onse. Tsalani bwino kufikira mwezi wa mawa.