Ndeke ni yako, koma makiyi ali kwa wogulitsa

Tonse tiidziwa motoka ija yokhala pa miyala m'komboni. Injini ili cabe bwino, koma kasipeya kamodzi kanasowa m'tauni yonse. Zida za nkhondo zogula kunja nazonso zimathela pa miyala, ndipo nthawi zambili amene amakuikapo ni mnzako weniweni, osati mdani.

Onani Turkey. Ili mu NATO kuyambila 1952, inali kupangako zigawo za ndeke ya America ya F-35, ndipo inali kufuna kugula ndeke 100. Itagula mizinga ya S-400 ku Russia, America inaicotsa mu pulogilamu yonse mu 2019. Ndalama inali italipila kale, ndeke osaziona.

Nkhani imene itidabwitsa kwambili ni ya Gepard, akasinja a Germany ogwetsa ndeke. Mu 2022 Germany inapatsa Ukraine akasinja amenewa, koma zipolopolo zake zina zinapangidwa ku Switzerland. A Swiss anakana kuti zipite ku Ukraine, ati malamulo awo salola kutengako mbali pa nkhondo. Ganizani: Germany, dziko la mafakitale osawelengeka, kugwada cifukwa ca cipolopolo! Inacita kuyambanso kupanga zake mu 2023, anthu ku Ukraine ali kuphulitsidwa kale.

Manje pa intaneti anthu akangana ngati F-35 ili na kabatani kobisika kakuti America ingaizimitse ili ku Washington. Ife tiona kuti mkangano uwu ni wotaya nthawi. Wogulitsa safunikila kabatani. Angoleka kutumiza masipeya na software yatsopano, ndipo pakapita miyezi ndeke siuluka. Foni yako ikaleka kulandila ma update udziwa kale zimene zimatsatila. Mu Malichi 2025, America itaimitsa kwa masiku angapo thandizo la zida ku Ukraine, Canada inayamba kuonanso pangano lake logula ma F-35 88.

Sitikamba kuti dziko lililonse lizipanga ndeke zake, zimenezo n'zosatheka. Ndeke za L-15 za Zambia Air Force zinacokela ku China, ndipo palibe colakwa. Koma aphungu athu akamakambilana bajeti ya asilikali, tifuna kumva akufunsa kuti masipeya tili nawo a miyezi ingati, amakanika athu angakonze zotani okha, ndiponso n'ciani cimene pangano limatiletsa kucita tikasemphana na wogulitsa.