Ngongole ya ku yunivesiti, wolipira ndi mlimi

Mlimi aliyense amene anagulitsapo cimanga ku FRA adziwa kuwawa kwa kapepala. Matumba apimidwa, alowa mu shedi, iwe wapatsidwa risiti, koma ndalama kulibe. Mwezi utha, wina ulowa, mitambo iyamba kusonkhana, fetereza akwera mtengo, ndipo kubanki yankho ndi lomwe lija lakuti bwerani sabata la mawa. Tayamba ndi cimanga ngakhale kuti nkhani yathu lero ndi ya anthu ogwira nchito m'mayunivesiti a Boma, cifukwa kuwawa kwao n'komweku. Kusiyana kwake n'kwakuti mlimi adikira miyezi, pamene ena mwa iwo adikira zaka.

Tidziwa kuti ena mwa inu mufunsa kuti za maprofesa a ku Lusaka zitikhudza bwanji ife a ku Vubwi, ku Nyimba kapena ku Lundazi. Funso n'labwino, ndipo yankho lake liyambira kale. Pamene tinalandira ufulu mu 1964, dziko lonse linali ndi anthu a digiri pafupifupi 100 cabe. Lamulo lokhazikitsa University of Zambia linapangidwa mu 1965, ndipo mu Malichi 1966 sukuluyi inatsegulidwa ku Ridgeway ndi ophunzira 312. Ndalama zomangira sizinacokere ku Boma ndi maiko akunja okha. Anthu wamba anasonkha, wina kandalama kake, wina mbuzi, wina nkhuku. Makolo athu ambiri amene anapereka sanali kudziwa kulemba dzina lao, koma anamva kuti cinthu ici n'ca ana ao. Conco nyumba zija muziona kudzanja lamanzere mukamalowa mu Lusaka ndi basi yocokera ku Chipata zili ndi mbali yanu.

Tikanena za anchito a pa yunivesiti, ambiri aganiza za munthu wa tayi ndi cikwama ca mabuku. Iyeyo aliko, ndipo bungwe lake pa UNZA ndi UNZALARU. Koma palinso a m'maofesi ndi a m'malaibulale, amisiri osamala makina a m'zipinda zoyeseramo za sayansi, madalaivala, alonda, osesa, ndi olima pa famu ya yunivesiti ya Liempe. Awa ali ndi mabungwe aonso, UNZAPROSU ndi UNZAAWU. Malipiro akacedwa, profesa angathe kukaphunzitsa madzulo pa koleji ina n'kupeza ya ndiwo. Wosesa wokhala m'Kalingalinga alibe kwina kothawira, apita kwa a kaloba. Mu 2024 a bungwe la JCTR, amene mwezi ndi mwezi amawerengera mtengo wa zofunika pa banja, anapeza kuti banja la anthu asanu mu Lusaka lifunika ndalama zoposa K10,000 pa mwezi. Munthu wotere sangapirire ngakhale masabata awiri.

Ngongole imene tikunenayi ili ndi mitu ingapo, ndipo ndi bwino tiimvetse, pakuti pa wailesi imangochulidwa ndi mau amodzi. Anchito ambiri a m'mayunivesiti alembedwa pa kontrakiti ya zaka zowerengeka, ndipo ikatha ayenera kulandira ndalama yochedwa gratuity. Lamulo la za nchito la 2019 linati ndalamayi isacepere K25 pa K100 iliyonse ya malipiro eni-eni amene munthu analandira m'nthawi ya kontrakitiyo. Ena ndi opuma pa nchito, oyembekeza penshoni. Kenaka pali ndalama zimene zimadulidwa pa malipiro mwezi uliwonse: msonkho wa ZRA, K5 pa K100 ya NAPSA imene bwana ayenera kuikapo K5 inanso, ndi K1 pa K100 ya NHIMA yothandiza kucipatala, imene inayamba mu 2019. Kwa zaka zambiri mayunivesiti akulu a Boma anali kudula ndalama zina pa pepala koma osazipereka kwa eni ake, cifukwa m'thumba munali zongokwanira kulipira anthu. Apa ndipo ngongole inabereka ana. Cilango ca NAPSA kwa bwana wocedwa cinali K20 pa K100 mwezi uliwonse, kufikira mu 2022 pamene cinatsitsidwa kufika pa K10. Yesani kuwerengera nokha zimenezi kwa zaka khumi. Ngakhale wa kaloba wa pamsika angacite manyazi.

Wobvutika ndi kusaperekedwa kwa ndalamazi ndi wanchito yemwe. Mu Epulo 2023 Boma linalola mamembala a NAPSA kutapako K20 pa K100 ya zimene anasonkha, ndipo anthu anathamangira kumaofesi, ena kukamanga nazo nyumba, ena kukagula ng'ombe. Amene bwana wake sanapereke miyezi ina anapeza kuti buku lake lili ndi mipata, ngakhale kuti pa kapepala kake ka malipiro ndalama inali kudulidwa mosaphonya.

Pali mfundo ina imene ambiri saidziwa, ndipo ndiyo mtima wa nkhani yonse. Malamulo akulu a dziko lino, monga anakonzedwera mu 2016, pa ndime 189 anena kuti penshoni ilipiridwe msanga, ndipo ngati munthu sanalandire zake pa tsiku lake lomaliza, aleke nchito koma dzina lake likhalebe pa mndandanda wa malipiro kufikira atalipidwa. Lamulo ili ndi la cifundo, ndipo ife tiliyamikira, pakuti kale opuma pa nchito anali kugona pa masiteshoni a basi mu Lusaka kulondola mafaelo ao. Koma taonani zimene licita pa sukulu yopanda ndalama. Mphunzitsi wapuma, sakulowanso m'kalasi, koma alandirabe mwezi ndi mwezi. Ndalama imene ikanalemba wacinyamata wolowa m'malo mwake yapita kumeneko, ndipo ngongole yake yeni-yeni siinacepe ndi ngwee imodzi yomwe. Zili ngati kulipira lendi ya nyumba imene unacokamo kale, cifukwa walephera kubweza kiyi. Caka ciliconse cimene Boma licedwa, dziko lilipira kawiri. Wopumayo nayenso sakondwa, pakuti sangamange, sangabwerere kumudzi, angokhala m'tauni kudikira, ndipo ena amwalira ali pa mzere, n'kusiyira akazi ao amasiye nchito yoyenda m'maofesi.

Anchito akalankhula, yankho silinakhale labwino nthawi zonse. Kuciyambi kwa 2020, malipiro atacedwa, mlembi wamkulu wa UNZALARU analankhula mau owawa onena cipani colamula ca nthawi imeneyo. Mau ake anali akuthwa, ndipo ife sitikanawasankha. Koma cotsatira cake cinali cakuti mu Febuluwale pangano lozindikira bungwelo linathetsedwa, ngati kuti kutseka pakamwa pa mwana wolira kuthetsa njala. Khoti lalikulu linabweza ganizo limenelo caka comweco. Boma linasintha mu 2021, koma mu 2022 aphunzitsi omwewo anali panjanso ndi zikwangwani, kulirira gratuity ndi penshoni za zaka zambiri. Akulu anati mlandu suola. Ngongole iyi yadutsa m'manja mwa MMD, PF ndi UPND, ndipo palibe cipani cimene cingaloze cinzake cala popanda zala zina kuloza mwini.

Tsopano tibwere kumudzi. Mwana wapasa bwino Giredi 12, wapeza malo pa UNZA kapena pa Copperbelt University ku Kitwe. Banja lagulitsa nshawa, soya, mwina ndi ng'ombe yapagoli. Malo ogona pasukulu ndi ocepa, conco alipira kabedi m'nyumba ya munthu ku Kalingalinga kapena ku Kalundu. Ndiye aphunzitsi ayamba kugwira nchito mwa ulesi wadala, kapena akana kutulutsa zotsatira za mayeso kufikira atalipidwa. Mwezi umene mwanayo angokhala, mwini nyumba afuna lendi yake yonse. Sukulu ikatsekedwa, ndi ndalama ya basi kubwera ndi kubwereranso. Maphunziro a zaka zinai atenga zisanu, ndipo mng'ono wake amene anali kuyembekeza nthawi yake akhala pakhomo. M'mabuku a Unduna wa za Cuma ndalama zimenezi sizilembedwa paliponse, koma zinacoka m'nkhokwe ya munthu.

Palinso njira ina imene itipweteka mwakacetecete. Dokotala wa ziweto amene abwera ng'ombe zikayamba kufa ndi matenda a nkhupakupa, nthawi zambiri anaphunzira pa sukulu ya za ziweto ya Samora Machel pa UNZA. Akulu a za ulimi m'maboma athu, ofufuza mbeu pa Msekera, aphunzitsi a sekondale, madokotala a pa St Francis ku Katete, ambiri anadzera m'manja mwa anthu omwewa. Pamene mbozi za nchemberezandonda zinalowa m'minda yathu kumapeto kwa 2016, ndi pamene cilala cinapsereza cimanga kufikira a Pulezidenti Hichilema analengeza tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024, tinafuna anthu odziwa nthaka yathu, mbeu zathu ndi nyengo yathu. Anthu otere saphuka ngati bowa. Kuti munthu afike pophunzitsa ena za matenda a mbeu papita zaka khumi kapena kuposa, ndipo kucoka kwake kutenga tsiku limodzi. Tinaziona m'zaka za m'ma 1990, pamene Kwacha inagwa ndipo aphunzitsi a pa yunivesiti anapita ku Botswana, ku Namibia, ku Swaziland ndi ku South Africa. Ana a maiko amenewo anaphunzitsidwa ndi anthu amene ife tinalipirira maphunziro.

Tisanamizane, ena mwa inu munena kuti anthuwa alandira zambiri kuposa mphunzitsi wa pulaimale, nanga kulira kwake n'kotani. Zoonadi alandira zambiri. Ndiponso si aphunzitsi onse amene ali oyera. Alipo amene athera nthawi pa nchito zao zapadera, ophunzira n'kumadikira m'kalasi. Oyendetsa mayunivesiti nao ali ndi mlandu wao. Anasaina mapangano a malipiro ndi gratuity osadziwa kumene ndalama idzacokera, poyembekeza kuti Boma lidzaombola. Pofuna kupeza ndalama analowetsa ophunzira odzilipirira ambiri-mbiri, koma zipinda ndi aphunzitsi osaonjezeka mofanana, kotero kuti munthu mmodzi aconga mapepala mazana. UNZA ili ndi malo akulu pakati pa mzinda, ndipo pa mbali ina ya malowo panamangidwa masitolo a East Park. Wodutsa pamseu aona magetsi ndi magalimoto n'kuganiza kuti sukuluyi ndi yolemera, koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Anthu ali ndi ufulu wodziwa kuti mapangano otere abweretsa zingati pa caka, ndi kuti zipita kuti. Komabe zonsezi sizifafaniza ngongole. Munthu amene anagwira nchito zaka makumi atatu pa pangano losainidwa ayenera kulandira zake, kaya tim'konda kapena ai. Wofuna kusintha mapangano asinthe a mawa.

Mlandu waukulu tiuika pa Boma, la dzulo ndi la lero, cifukwa ca cizolowezi cokonda kutsegula zatsopano. Pambuyo pa UNZA ndi CBU ya 1987 panabwera Mulungushi mu 2008, kenaka makoleji a Kwame Nkrumah, Mukuba ndi Chalimbana anasandutsidwa mayunivesiti, n'kubweranso Kapasa Makasa ku Chinsali ndi Levy Mwanawasa ya za udokotala. Ana athu ndi ambiri ndipo malo afunikadi. Koma kudula riboni kuli ndi makamera ndi magule, pamene kulipira wopuma pa nchito kulibe woimba. Ku Mansa kunalonjezedwa yunivesiti ya FTJ Chiluba, ndipo mu 2022 dziko linadabwa kumva kuti ndalama zokwana madola 33 miliyoni zinatuluka koma pamalopo panalibe coonetsa. Ndi akazi amasiye angati amene akanalandira zao ndi ndalama imeneyo?

Boma lasonyeza kuti likafuna cinthu ndalama ipezeka. Ndalama ya cakudya ya ophunzira inacotsedwa mu 2019 ndipo inabwezedwa mu 2023. Mu 2022 sukulu zinakhala zaulere kufika Giredi 12, aphunzitsi oposa 30,000 analembedwa, ndipo CDF inakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse. Zonsezi n'zabwino, ndipo n'zimene zicititsa nkhani yathu kukhala yacangu, pakuti ana amene analowa ndi maphunziro aulere akukwera makalasi, ndipo ambiri a iwo adzagogoda pa zitseko zomwezi.

Cimene tipempha si cobvuta kumva. Yunivesiti iliyonse ya Boma itulutse poyera kuculuka kwa anthu amene ili nao ngongole, caka ndi caka, ndi ndalama yake yonse, ndipo nyumba ya malamulo iione. Kulipira kutsate mzere, woyamba kupuma akhale woyamba kulandira, mabanja a omwalira ndi odwala atsogole, kuti pasakhale zolowera pa windo kwa odziwana ndi akulu. Nduna ya za Cuma ikamawerenga bajeti, ngongoleyi ikhale ndi mzere wakewake ndi caka cimene idzathera, m'malo mwa tizidutswa totulutsidwa pamene aphunzitsi aopseza sitalaka. Aphungu athu akabwera kudzakamba za milatho ndi fetereza, wina wa inu amene ali ndi mwana ku Lusaka kapena ku Kitwe aimirire awafunse kuti pa nkhani iyi analankhulapo liti m'nyumba ya malamulo, ndipo Nduna inayankha ciani.